Lonjezo la Kettie ku Famu ya Abuda

1. Nyumba yopanda phokoso

Kettie Chimwaza anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma chaka chimenecho ankayenda ngati nkhalamba yochokera kumunda wakutali. Sukulu itatsekera mu Juni, ntchito yake inali kugona, kudzuka, kutsuka mbale, n'kubwereranso pabedi.

Banja lawo linkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Brampton pafupi ndi Toronto, m'zipinda za pansi pa nyumba ya eni. Zenera linali laling'ono, m'mwamba mwa khoma, moti munthu ankangoona miyendo ya odutsa ndi matayala a galimoto. Bambo ake, a Overtone, ankayendetsa makina onyamula katundu kunyumba yaikulu yosungiramo malonda. Mayi ake, a Eunice, ankasamalira okalamba. Onse awiri ankafika mapazi atatupa.

Koma chimene chinatopetsa nyumbayo si ntchito ayi. Mu Febuluwale, Alice, mkulu wake wa Kettie, anamwalira ku Zomba. Iyeyu anatsala ku Malawi pamene banja linkasamuka zaka zitatu m'mbuyomo, chifukwa anali atapitirira msinkhu wololedwa kutsagana ndi makolo. Anali mphunzitsi wa kupulayimale. Anadwala masiku anayi okha.

Kumaliro sikunapite aliyense. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, ndipo akanachoka sakanaloledwa kubwerera. Mwambo wonse anauonera pafoni imene anaitsamiritsa pachitini cha shuga, kunja kukugwa chipale chija amati sinowo. Nthawi yotsitsa bokosi itakwana, netiweki inaduka. Mmene inkabwerera n'kuti anthu akuyala kale nkhata.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Alice silinamvekenso m'nyumbamo. Kale a Eunice ankaitana amuna awo kuti "abambo a Alice". Tsopano ankangoti "inu".

Kettie sanagwetse msozi tsiku la maliro, ndipo sanaugwetsenso pambuyo pake. Anasiya kwaya ya achinyamata kutchalitchi. Anzake a kusukulu anamutumizira mauthenga kangapo, koma ataona kuti sakuyankha, anamutaya.

2. Chenjezo la a Overtone

Tsiku lina Lachiwiri, a Eunice anabwera ndi kapepala kuchokera kuntchito. Anakaika patebulo pafupi ndi mbale ya amuna awo.

"Andipatsa ndi mayi Huong, aja a ku Vietnam timagwira limodzi aja," anatero. "Kuli msonkhano wa achinyamata wa masiku atatu, kufamu ina kuseri kwa Hamilton. Iwowo ndiwo amakaphika. Akuti timulole Kettie apite akaone anthu."

A Overtone anawerenga kapepalako n'kukakankhira pambali.

"Kodi mwawerenga bwino? Awatu ndi Abuda."

"Ndawerenga. Alemba kuti wachipembedzo chilichonse akhoza kubwera."

"Ife tili ndi tchalitchi chathu."

"Tili nacho, inde. Nanga mwanayu wapitako liti komaliza? Tamuyang'anani, inu. Zovala zikumukhwepa. Ine ndimasambitsa nkhalamba za zaka makumi asanu ndi anayi, koma zimaseka kuposa mwana wanga. Ndataya kale mmodzi ndili kutali. Uyu ndisamutaye ndikumuona ndi maso."

A Overtone anasiya kudya. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iweyo ukufuna kupita?"

"Kaya, adadi. Chilichonse."

Yankho limeneli ndi limene linawagonjetsa. Anasamba m'manja, anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana naye.

"Tamvera bwino, Kettie. Ine ndikukulola, koma mtima wanga sukufuna. Dziko lino lili ndi misika yambiri ya zikhulupiriro, ndipo wogulitsa aliyense amamwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti anthuwo ndi oipa. Mayi Huong anatibweretsera chakudya pa nthawi ya zovuta ija, pamene ena opemphera nawo limodzi anangotumiza uthenga pafoni. Zimenezo sindinaiwale. Koma munthu wotopa ali ngati dothi lonyowa, aliyense wopondapo amasiya phazi lake. Iweyo watopa, mwananga, ndipo n'chifukwa chake ndikuopa.

"Ukapita kumeneko ukakhale waulemu. Usakaseke zovala zawo kapena mapemphero awo, chifukwa ndiwe mlendo pakhomo pa eni. Ukadye zomwe akupatse, ukagwire ntchito yomwe akutume. Koma bondo lako lisakagwadire fano. Ndipo akayamba miyambo yawo ya chipembedzo, kaya ndi yofukiza lubani, kaya ndi yopempherera akufa, iwe usakaikepo dzanja. Akufa athu ali m'manja mwa Mulungu, safunika wina wowaperekeza. Ine sindikakhalako kuti ndikuone. Foni akuti amalanda. Ndiye chimene ndingadalire ndi mawu ako okha. Ukundilonjeza?"

"Ndalonjeza, adadi."

"Nena mokweza, amvenso amayi ako."

"Ndalonjeza."

3. Belu ndi tulo

Lachisanu m'mawa a Overtone anapempha maola angapo kuntchito n'kumuperekeza pagalimoto. Anadutsa utsi wa mafakitale a zitsulo a ku Hamilton, anakwera chitunda, kenako nyumba zinatha n'kuyamba minda ya chimanga. Anamutsitsa pageti. Iwo sanatsike.

Famuyo inali yakale. Khola lalikulu la ng'ombe analikonza n'kukhala holo. Panali achinyamata oposa makumi atatu, akhungu la mitundu yonse, ena akudziwana kale, ena ataima paokha ngati iyeyo. Pakhomo panali dengu loponyamo mafoni.

Amene anawalandira anali sisitere wachibuda, wamfupi, wometa mpala, wovala mkanjo wotuwa. Dzina lake anali Sisitere An. Ankayankhula Chingerezi pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu aliwonse asanawatulutse.

"Pano lamulo lalikulu ndi limodzi," anatero. "Mukamva belu, siyani chimene mukuchita. Imani, pumani mpweya katatu, kenako pitirizani. Palibe amene akukuthamangitsani."

M'holomo, kutsogolo, munali chiboliboli cha Buda chitakhala chopinda miyendo, pambali pake pali maluwa. Ambiri polowa ankagwira manja pamodzi n'kuwerama. Kettie anauma khosi, anadutsa chowongoka, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Ankadikira kuti wina amudzudzule. Palibe anatembenuka n'komwe.

Chakudya cha masana anadya osayankhula, mpunga ndi ndiwo zamasamba. Kwa ena zinali zachilendo, ankangoyang'anana n'kumabisa kuseka. Kwa Kettie sichinali chachilendo. Kwawo ankadya choncho tsiku lililonse.

Atatha kudya, anauzidwa kuti agone chagada pamikeka m'holo. Sisitere An anayamba kuyankhula motsitsa, kuwauza kuti amasule mapewa, amasule nsagwada, alole pansi kuwanyamula. Kettie anamva mawu atatu kapena anayi. Zotsatira sanazimve.

Anadzidzimuka belu litalira. M'holo munali mutatsala anthu ochepa, dzuwa litapendeka, ndipo wina anali atamufunditsa bulangeti.

"Mayo ine!" anatero, akudzuka mothamanga.

"Iwe, wakamba chani?"

Mawuwo anachokera pamkeka woyandikana nawo. Panali mtsikana wamtali, wakuda bwino, watsitsi loluka mizere, atatong'ola maso.

"Wakamba kuti 'mayo ine'? Ndiwe wa kuti iwe?"

"Wa ku Malawi," anayankha Kettie. "Nanga iwe?"

"Zambia! Nine Mwangala. Ninabadwira ku Mongu koma ninakulira mu Lusaka. Iwe, zaka zitatu nibwera kuno, sininapezepo muntu wokamba naye chitundu. Manje wabwera, ndiwe wanga, sunithawa."

Kettie anapinda bulangeti mwamanyazi.

"Ndagona nthawi yaitali?"

"Maola awiri. Na mkonono pamwamba, monga thirakitala."

"Bodza!"

"Funsa aliyense. Ba Sisitere anakamba kuti tisakuutse. Akuti muntu akagona so, ndiye kuti thupi yake yapeza malo yotulira katundu."

Kettie anaphimba nkhope ndi manja. Kenako anamva chinthu chachilendo chikutuluka pakhosi pake. Anali akuseka.

4. Kukhitchini

Achinyamatawo anagawidwa m'magulu a anthu asanu ndi atatu, ndipo gulu lililonse linapatsidwa ntchito. Mwangala anamukokera Kettie kugulu lake la kukhitchini, komwe mayi Huong ankalamulira ndi chikombe chachikulu m'manja.

Mayi Huong anali onenepa pang'ono, amawu okweza, osiyana kwambiri ndi sisitere uja. Atamuona Kettie anamugwira masaya onse awiri.

"Mwana wa Eunice! Waonda ngati ndodo. Khala apa, senda karoti, ndipo uzidya ukusenda."

Loweruka lonse linathera pa zinthu zazing'ono. M'mawa anakhala chete m'holo, kutsatira mpweya polowa ndi potuluka, mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa munda wa chimanga. Kukhitchini belu likalira, onse ankaima pomwepo, wina mpeni uli m'mwamba, wina atanyamula poto. Mnyamata wina wa ku Colombia, dzina lake Mateo, belu linamupeza atatsegula pakamwa kuti alume nkhaka. Anaima choncho mpaka mpweya wachitatu, gulu lonse likunjenjemera ndi kuseka kobisa.

Palibe anamufunsa Kettie kuti amakhoza bwanji kusukulu, kapena kuti akufuna kudzakhala ndani. Ankangomusunthira malo pabenchi.

Madzulo dzuwa lisanalowe, iye ndi Mwangala anatumidwa kukataya makoko kudzala la manyowa. Pobwerera anakhala pampanda.

"Kodi iweyo ndiwe Mbuda?" anafunsa Kettie.

"Awe. Ine sinidziwa chimene nili. Ninakulira mu Katolika. Kuno nimabwera chifukwa nimagona bwino."

"Kwanu sugona?"

Mwangala anathyola kaudzu n'kuyamba kukatafuna.

"Nikhala na ba anti ku Hamilton, mng'ono wa amayi. Amayi anamwalira nili na zaka khumi na zisanu, ndiye ba anti ananitenga. Poyamba zinali bwino. Manje anakwatiwa, ndipo bamuna bawo sanifuna. Nikayenda, akuti nichita phokoso. Nikatsegula firiji, amaniyang'ana. Sabata yatha ninakwanitsa zaka khumi na zisanu na zitatu, ndiye bamuna bawo anakamba kuti, 'Wakula manje, boma siingatikakamize.' Anakamba moseka. Koma ine sininaseke."

"Nanga a anti akowo amati chiyani?"

"Amayang'ana pansi."

Kettie anangosendeza phewa lake mpaka linagunda la mnzake.

"Nanga iwe?" anafunsa Mwangala. "Muntu sagona monga mtembo masana popanda chifukwa."

"Achemwali anga anamwalira mu Febuluwale. Kumudzi. Sitinapite."

Anangonena zomwezo. Mwangala sanafunsenso.

5. Pepala loyera

Lamulungu m'mawa, atatha kumwa phala, Sisitere An anaika patebulo la pakhonde timapepala toyera ndi zolembera.

"Tisanabalalike timakhala ndi mwambo wokumbukira omwe anatisiya," anatero. "Amene ali ndi wake alembe dzina. Mapepalawa tikawaika paguwa, tifukiza lubani, ndipo ine ndiwerenga dzina lililonse mokweza n'kuliimbira pemphero. Amene sakufuna asadzikakamize."

Achinyamata angapo anapita kukalemba. Mwangala analemba dzina la mayi ake, kenako anatenga pepala lina n'kumuikira Kettie m'manja.

"Lemba."

"Sindingathe. Ndinalonjeza adadi kuti sindikhudza miyambo."

"Ba dadi bako bali ku Brampton. Foni ili mu basiketi. Azaona bwanji? Iwe, mkulu wako anaikidwa iwe kulibe. Sufuna kumva dzina yake ikutchulidwa pa bantu, kamodzi chabe?"

Kettie ankafuna. Anatenga cholembera, anawerama patebulo, n'kulemba chilembo choyamba. Inki inaoneka yakuda kwambiri papepala loyeralo.

Belu linalira.

Aliyense anaima pomwe anali. Kettie anaima chowerama, cholembera chili papepala. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu. Anthu atayambanso kuyenda, iye anaika cholembera pansi. Anapinda pepala lija n'kupita nalo kwa Sisitere An, amene ankakonza maluwa pakhomo la holo.

Anafotokoza zonse, za Alice, za foni pachitini cha shuga, ndi za lonjezo.

"Ndikufuna kulemba," anamaliza motero. "Koma ndinawauza adadi mokweza, amayi akumva. Kodi ndikalemba n'kusawauza, ndalakwa?"

Sisitere An anaika maluwa pansi, anakhala pasitepe, n'kumuuza kuti akhale pambali pake.

"Mwana wanga, ine ndikanakonda kuwerenga dzina la mkulu wako. Koma sindikulangiza kuti ulembe. Bambo ako anakubweretsa kwa anthu omwe sakuwadziwa, akuopa, chifukwa choti amakukonda kuposa mantha awo. Chimene anatsala nacho m'manja ndi mawu ako. Ukawaphwanya mobisa, ubwerera kwanu ndi katundu wina pamwamba pa amene unabwera naye. Uzidzati ukawayang'ana, maso n'kuthawira pansi. M'nyumba mwanu muli kale zinthu zambiri zosanenedwa. Usakawonjezere china.

"Ine ndaona achinyamata ambiri akubwera kuno atakwiyira makolo, n'kumafuna kuti ife tikhale ndodo yomenyera kwawo. Timakana. Mtengo suchira pouzula mizu. Ngati tsiku lina udzaone kuti njira ya bambo ako si yako, udzawauze pamaso, masana, ndi ulemu. Koma zobisa ayi. Zobisa zimadya munthu ngati chiswe, kunja khoma lili chiimire.

"Ndiponso tamvera. Chimene ukusowa si lubani wanga. Iwe sunalire maliro. Kwanu munthu akamwalira mumatani?"

Kettie anaganiza kaye.

"Anthu amabwera. Amakhala pansi ndi ofedwa. Sayankhula zambiri, amangokhala. Amaimba nyimbo."

"Zimenezo bambo ako anakuletsa?"

"Ayi."

"Ndiye dikira mwambo wathu uthe."

Kettie anakhala panja, pansi pa mtengo waukulu wa kuseri kwa khitchini. Ankamva belu ndi mawu a sisitere akutchula maina mmodzimmodzi. Dzina la Alice silinali pakati pawo. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anakumbatira mawondo ake.

Mwambo utatha, anamva mapazi pa udzu. Anali Mwangala, kumbuyo kwake kuli gulu lonse la kukhitchini, ndi mayi Huong akupukuta manja pa epuloni.

"Ba Sisitere aniuza," anatero Mwangala motsitsa. "Pepani, ninakukakamiza." Kenako anatembenukira anzawo n'kuwafotokozera m'Chingerezi. "Kwathu munthu salira yekha. Vulani nsapato, khalani pansi. Musamuuze kuti zikhala bwino. Ingokhalani."

Anavula nsapato n'kukhala pa udzu momuzungulira. Mayi Huong anavula mpango wawo n'kumufunditsa Kettie m'mapewa. Kwa kanthawi kunkangomveka mphepo m'chimanga.

"Anali ndani dzina?" anafunsa Mateo.

"Alice."

Liwu linatuluka lokhakhala, ngati chitseko chimene chakhala miyezi chosatsegulidwa.

"Alice Chimwaza. Ankaphunzitsa Sitandade 3. Ndi amene ankandiluka tsitsi. Ankakoka kwambiri, ndikalira ankandipatsa chingamu kuti ndisakanene. Tsiku lonyamuka, pabwalo la ndege, anandiuza kuti ndisakanenepe ndi zakudya za azungu. Sabata imene anadwala anandiimbira foni kawiri. Ine ndinali ndi mayeso. Ndinati ndiwaimbira Loweruka."

Sanathe kupitiriza. Kulira kunabwera konse nthawi imodzi, kwa miyezi isanu, kochokera m'mimba. Analira mokweza ngati mmene amalirira kumudzi, akuitana, "Achemwali! Achemwali anga ine!" Mwangala anamugwira mutu n'kuugoneka pamiyendo pake. Kenako anayamba kuimba nyimbo ya maliro ya kutchalitchi, imene imaimbidwa ku Zambia ndi ku Malawi komwe. Enawo mawu sankawadziwa, koma anagwira kayimbidwe kake n'kumang'ung'udza.

Palibe anayang'ana nthawi. Mpunga wa masana unapserera tsiku limenelo, ndipo mayi Huong sanakalipire aliyense.

6. Ulendo wobwerera

A Overtone anafika itangokwana 3 koloko. Ulendo uno anatsika m'galimoto. Anaona maso a mwana wawo atatupa, ndipo nkhope yawo inauma.

"Akuchita chiyani?"

"Palibe, adadi. Sindinagwade. Panali mwambo wa akufa, ndinatenga pepala n'kuyamba kulemba, koma ndinasiya. Nali." Anawapatsa pepala lopindidwa lija. "Ndalira maliro a achemwali. Anzangawa anandikhalira pansi."

A Overtone anatambasula pepalalo. Anayang'ana chilembo chimodzi chija nthawi yaitali. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya, cha pamtima.

Sisitere An anabwera kudzawalonjera, atagwira manja pamodzi. A Overtone anazengereza, kenako anavula chipewa.

"Mwana wanu amasunga mawu," anatero sisitereyo.

"Zikomo pomusamala," anayankha iwo.

Magalimoto anayamba kuchoka imodziimodzi. Achinyamata ankakumbatirana, kulemberana manambala, kulonjezana kuti adzakumana ku Toronto mwezi wa mawa. Kettie anali ndi manambala asanu ndi awiri m'foni mwake. Koma pamene ankaika chikwama m'galimoto, anaona Mwangala ataima yekha pageti, foni ili kukhutu.

"A anti ako sanafike?"

"Sayankha. Nayesa kasanu." Mwangala anayesa kumwetulira. "Pitani chabe. Nizapempha ba Huong akatsiriza kutsuka mapoto."

Kettie anayang'ana bambo ake. A Overtone anamvetsa.

"Mwana iwe, umakhala kuti?"

"Ku Hamilton, ba dadi."

"Ndi panjira pathu. Kwera."

M'galimoto atsikanawo anakhala kumbuyo. Poyamba Mwangala ankalongolola, mpaka a Overtone anaseka Chinyanja chake cha ku Lusaka. Koma atatsika chitunda n'kulowa mumzinda, mawu ake anayamba kuchepa. Ankangoti, "Kumanzere apa. Kumanja pa maloboti." Dzanja lake linafuna la Kettie n'kuligwira zolimba.

Anaima pa kanyumba ka njerwa zofiira, mumsewu wopanda anthu. Makatani onse anali otseka, ndipo panja panalibe galimoto.

Pamasitepe panali matumba atatu akuda, aja otayiramo zinyalala, omangidwa pakamwa. Pambali pake panali nsapato za sinowo ndi mulu wa mabuku a sukulu womangidwa ndi chingwe.

Mwangala anatsika pang'onopang'ono. Anadutsa matumbawo ngati sanawaone, anatulutsa kiyi n'kumulowetsa pachitseko. Kiyi sanazungulire. Anayesanso. Anagogoda, anaitana, "Ba anti! Ba anti, nine!" M'nyumbamo munali zii.

Anabwerera n'kukhala pasitepe, pakati pa matumba ake, manja ali m'mutu.

Kettie anatsegula chitseko cha galimoto, koma bambo ake anali atatsika kale. A Overtone anali atagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi sabata imeneyo, ndipo msana unkawapweteka. Kwawo kunali zipinda ziwiri zokha, ndipo mwininyumba anali atanenetsa kuti safuna munthu wachinayi. Anaima pamsewu, akuyang'ana mtsikanayo, kenako nyumbayo, kenako mwana wawo.

Anapita pamasitepe, ananyamula thumba limodzi kudzanja lamanja, lina kumanzere.

"Kettie, tenga mabukuwo," anatero. "Ukatero uwaimbire amayi ako. Uwauze kuti tikubwera atatu."